Mfundo Imodzi Yotsala

1. Tsiku la manyazi

Dzina loti Kadziwotche linayamba Lolemba, m'chipinda cha sayansi, pamaso pa kalasi yonse.

Mtsikanayo anali wa Fomu 3. Iye ndi msuweni wake, mwana wa amalume ake, anatha milungu isanu akumanga ampulifaya ya mahedifoni, chipangizo chokuzira mawu a nyimbo. Zipangizo zake zinabwera m'katoni: bolodi yobiriwira, timawaya, tizipangizo ta miyendo iwiriiwiri, ndi mavavu awiri a galasi ooneka ngati timababu, amene amafiira mkati akatenthedwa. Ntchito yawo inali kulumikiza chilichonse pamalo pake ndi mtovu wosungunula.

Anagawana ntchito. Mtsikanayo anatenga mbali ya mawu. Msuweni wake anatenga mbali ya magetsi, ati ndiyo ya amuna. Anzake ankamutcha Injiniya, dzina limene anachita kudzipatsa yekha.

Aphunzitsi a sayansi, mayi wofatsa amene ana onse ankangowatcha Madamu, anavala mahedifoni. Injiniya anayatsa. Mavavu anafiira bwinobwino. Koma m'malo mwa nyimbo munamveka kulira ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini, kenaka phwa! phwa! Madamu anavula mofulumira, uku akusisita makutu.

"Madamu, ine ndinanena kale," anatero Injiniya. "Mbali yanga ilibe vuto. Koma taonani zala za mnzangayu. M'malo mowotcha mtovu amadziwotcha yekha. Kadziwotche weniweni!"

Kalasi yonse inafa nalo phwete. Pa chala cha mtsikanayo panalidi pulasitala. Anabisa dzanja kumbuyo, koma anali atachedwa.

"Basi, basi," anatero Madamu. "Ku mpikisano wa sukulu zonse kukupita munthu mmodzi yekha. Lachisanu mubwere nayo ikuyimba."

Anatenga pensulo n'kulemba dzina pa fomu ya mpikisano. Kadziwotche anali pafupi, ndipo anaona. Linali dzina la msuweni wake.

Ataweruka, Injiniya anamusenzetsa katoni ija pa geti.

"Kakonze zimene waononga, msuweni. Ine Lachisanu ndidzangolankhula. Mulungu pogawa pakamwa anayambira ine."

"Udzalankhula," anatero mtsikanayo, osamuyang'ana. "Udzalankhula ndithu."

2. Kashedi ka agogo

Lachitatu masana Kadziwotche anapita ndi katoniyo kwa agogo ake aamuna, amenenso anali agogo a Injiniya. Agogowo anakonza mawailesi zaka makumi anayi. Tsopano manja ankanjenjemera ndipo maso ankachita chidima, koma kashedi kawo kuseri kwa nyumba kanali momwemo. Munali tebulo lodzaza zipsera, mabotolo a tizomangira, mawailesi akufa osanjikizana mpaka kudenga, ndi galasi lokuzira zinthu lopachikidwa pa chingwe.

"Odi, agogo."

"Lowa. Nanga nkhopeyo yatani? Ukuoneka ngati wameza mavu."

Anawafotokozera zonse, mawu akuthamangitsana. Agogo anamvetsera mpaka anamaliza.

"Za amene walakwa tizisiye kaye. Tandiuza, ikulira bwanji?"

"Ngati njuchi. Kenaka phwa, phwa."

"Ndiye yatiuza kale matenda ake. Itembenuze, utsegule pansi. Tenga kamtengo kouma ako. Dzanja linalo liike kumbuyo, ndipo lisachoke. Magetsi akalowera dzanja ili n'kutulukira linalo, njira yake ndi pamtima."

Agogo anavala mahedifoni. Kadziwotche anayatsa, n'kuyamba kugogoda ndi kamtengo pa mfundo iliyonse, ndiye kuti pamene mwendo wa kachipangizo walumikizidwa ndi bolodi. Mbali yake yonse anagogoda, agogo ali phee. Atangofika mbali ya Injiniya, agogo anadzidzimuka.

"Apo!"

Anagogoda pena.

"Aponso! Iii, mwana iwe, ukufuna undigonthetse?"

Mtsikanayo sanaseke. Anazula pulagi ku khoma, n'kutambasula dzanja kuti agwire bolodi. Agogo anamumenya pa mkono ndi chipewa chawo.

"Ima! Wazimitsa khoma, sunazimitse chimenecho. Bweretsa mita yoyezera magetsi."

Anamuuza poika nsonga ziwiri za mita: pa miyendo ya kapasita, chipangizo chakuda chonga batire lalikulu. Singano ya mita inalumpha n'kukaima pa 200. Anadikira. Singano sinatsike.

"Ukuona? Pulagi ili m'manja mwako, koma moto uli momwemo. Kapasita ndi nkhokwe, imasunga. Pambali pakepo pali karezisita kakang'ono. Ife tinkakatcha ngalande, chifukwa ntchito yake n'kutaya magetsi ukazimitsa. Ngati singano siikutsika, ngalandeyo siinagwire."

Anamupatsa waya wawo wakale wokhala ndi rezisita pakati. Ataupana pa miyendo ya kapasita, singano inatsika pang'onopang'ono mpaka inagona.

"Tsopano yang'ana ndi galasi. Ine maso anapita. Undiuze zimene ukuona."

"Izi zikunyezimira, zosalala, zakwera mwendo ngati kachulu."

"N'za yani?"

"Zanga."

"Nanga zinazo?"

"Zotuwa. Zili ngati timibulu tongosanjika pamwamba. Zina zang'aluka mozungulira."

Agogo anapukusa mutu, uku akuseka chamumtima.

"Dzanja limenelo ndikulidziwa. Ndinamuuza kangati mnyamata ameneyu? Amanyamula mtovu pa nsonga ya chitsulo ngati akupaka buledi, n'kukaupachika pa mwendo wozizira. Akatero amauuzira ngati tiyi kuti uume msanga. Mtovu sauuzira, mdzukulu wanga. Umayamba watenthetsa mwendo ndi bolodi pamodzi, ndiye n'kuika mtovu, iwo wokha umayenderera. Uwerenge mpaka katatu, uchotse chitsulo, ndipo usagwedeze. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ziwerenge zonse."

Anaziwerenga. Zinalipo khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo panalibe yake ngakhale imodzi. Ya mwendo wa ngalande inali yoipitsitsa. Ataikankha ndi kamtengo, mwendowo unkagwedezeka m'bowo mwake ngati dzino la mwana.

3. Zimene agogo anaulula

Kadziwotche anakhala akuyang'ana mwendo uja.

"Anandiyalutsa pamaso pa anthu makumi asanu," anatero. "Mpaka ana a Fomu 1 akunditcha Kadziwotche."

"Ndimuyitana, ndilankhula naye."

"Adzangoseka. Amaseka chilichonse." Anakankhanso mwendo uja ndi kamtengo. "Agogo, munthu atagwira apa ngalande isanakonzedwe, angafe?"

"Wafunsiranji?"

"Ndangofunsa. Injiniya akazimitsa amakonda kutsegula n'kumaloza ndi chala. Ichi ndinaika ine, ichi ndinaika ine."

Agogo anavula mahedifoni pang'onopang'ono, n'kuwaika pa tebulo.

"Khala pansi. Ndikuuza nkhani imene ngakhale amayi ako saidziwa.

"Ndili mnyamata, ndikuphunzira ntchito imeneyi, tinalipo awiri kwa bwana mmodzi. Mnzangayo anali wa pakamwa ngati msuweni wakoyu. Tsiku lina anawotcha wailesi ya kasitomala, n'kunamizira ine. Bwana anandikalipira pamaso pa kasitomalayo. Mtima unandiwawa mlungu wathunthu. Chakudya sichinkatsika.

"Ndiye ndinatchera msampha. Ndinatenga wailesi ya mavavu imene mnzangayo ankakonza, n'kudula mwendo wa ngalande, n'kuiyatsa pang'ono kuti idzaze, kenaka n'kuzula pulagi. Ndinati aphunzire. Ndinkati adzangolumpha, anthu aseke, nkhani ithe.

"Mnzangayo anatumidwa kukagula waya. Amene anabwera pa tebulopo anali bwana mwini wake. Anaona pulagi ili pansi, analowetsa dzanja. Magetsi okha mwina akanapirira. Koma dzanja likamenyedwa silifunsa kothawira. Linakoka lokha, n'kudzicheka pa lata la wailesiyo mpaka mtsempha. Zala ziwiri izi sizinapindikenso mpaka tsiku limene tinawaika m'manda.

"Sanandimenye. Sanandichotse ntchito. Anaona mwendo wodulidwawo, anandiyang'ana kamodzi, basi. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinagwira nawo ntchito, ndipo tsiku lililonse ankandipatsira sikuludilaiva ndi dzanja lomwelo. Ndikanakonda akanandimenya.

"Wandifunsa ngati munthu angafe. Wina amangolumpha n'kutukwana. Wina wa mtima wofooka sadzukanso. Iwe sungadziwe kuti uyu ndi uti, chifukwa mitima ya anthu siioneka kunja. Ndipo msampha sufunsa dzina, mdzukulu wanga. Umagwira mwendo umene wafika. Msuweni wako wakulakwira, zimenezo sindikukana. Koma umubwezere ndi mtovu wonyezimira. Anthu ali ndi maso, adzaona okha. Ngalande ija uyambire, zinazo pambuyo. Wamva?"

"Ndamva, agogo."

"Wamva ndi makutu kapena ndi mtima?"

"Ndamva."

4. Khumi ndi zisanu ndi zitatu

Utsi wa mtovu unkawatsokomoletsa agogo, choncho anatulutsa mpando wawo n'kukakhala pakhonde. Kadziwotche anatsala yekha ndi chitsulo chowotcherera.

Anapukuta nsonga yake pa kasiponji konyowa mpaka inawala. Sanayambire ngalande. Anayambira ku mapeto ena a bolodi.

Mfundo iliyonse ankayamba wachotsa mtovu wakale wotuwa. Ankatenthetsa mwendo, n'kuika watsopano, n'kuwerenga chamumtima. Pa mfundo iliyonse ankatchulapo mawu amodzi.

"Iyi ndi ya pulasitala. Iyi ndi ya pakamwa. Iyi ndi ya pensulo."

Dzuwa lisanapendeke kwambiri, mfundo khumi ndi zisanu ndi zitatu zinali zikunyezimira. Panatsala imodzi.

Anabweretsa chitsulo pafupi ndi mwendo wa ngalande, mpaka utomoni wa pa bolodi unayamba kununkha. Panja, mumsewu, ana awiri a sukulu yawo ankadutsa. Mmodzi anakuwa, "Agogo, Kadziwotche ali momwemo? Muzimusungira madzi pafupi!" Anaseka n'kuthawa.

Mtsikanayo anabweza chitsulo pa choikapo chake. Anazula pulagi ya chitsulocho. Anatenga chivundikiro cha pansi n'kumanga tizomangira tonse tinayi, mothina.

"Agogo, bwerani mudzamve."

Agogo anavala mahedifoni. Mavavu anafiira. Njuchi zija kunalibe. Nyimbo inatuluka yoyera ngati madzi a pa kasupe, ndipo nkhalambayo inatsinzina, mutu ukugwedezeka.

"Iyi ndiye ntchito," anatero. "Zaka zonsezi makutu anga anali ndi njala. Wakonza zonse?"

"Zonse."

"Ngalande?"

"Zonse, agogo."

"Tikanayezanso ndi mita."

"Ndatseka kale. Komanso amayi akundidikira."

Agogo anamugwira paphewa ndi dzanja lawo lonjenjemera.

"Mawu ako andikwanira. Pa adzukulu anga onse, manja anga anapita kwa iwe."

Kadziwotche anaika ampulifaya m'katoni mofulumira, nkhope atazolika.

Lachinayi madzulo Injiniya anabwera kudzaitenga. Anaiyesa pa tebulo la pabalaza, n'kuimba mluzu.

"Aa, msuweni, wayesetsa. Ukapitiriza chonchi ndidzakulemba ntchito yondinyamulira chikwama."

"Mawa usaiwale kuwaonetsa mkati," anatero mtsikanayo. "Madamu amakonda kuona mkati."

"Zimenezo usandiphunzitse."

5. Lachisanu

Chipinda cha sayansi chinadzaza, ena mpaka kusuzumira pa mawindo. Kadziwotche anakhala pa benchi ya kutsogolo, manja atapinda.

Madamu anavala mahedifoni mochenjera, ngati munthu amene analumidwapo ndi galu. Injiniya anayatsa. Patapita kanthawi nkhope ya Madamu inamasuka. Anayamba kugwedeza phazi. Ana anaomba m'manja.

"Wakonza ndani?" anafunsa.

"Ine, Madamu," anatero Injiniya. "Masiku atatu osapuma. Zolakwika za mnzangayu zinali zambiri, koma m'bale ndi m'bale, sitingamutaye."

Ena anaseka. Wina kumbuyo analira ngati kachilombo kogwera pa nyali. Kadziwotche sanatembenuke. Maso ake anali pa dzanja lamanja la msuweni wake.

Injiniya anazimitsa, n'kuzula pulagi, n'kuikweza m'mwamba kuti onse aione. Anatembenuza ampulifaya n'kumasula tizomangira. Koyamba. Kachiwiri. Kachitatu. Kachinayi. Anachotsa chivundikiro, ndipo mfundo zija zinawala. Iye mwini anadabwa pang'ono, koma anadzigwira msanga.

"Mwaona, anzanga? Umu ndi mmene amawotcherera akatswiri."

Chala chake chinatsika. Chinadutsa pamwamba pa mavavu, n'kulowera ku mbali ya magetsi. Chinatsala pang'ono kufika pa miyendo ya kapasita. Kadziwotche anali chete. Anakanikiza mano, n'kudikira.

Koma chalacho chinaima m'malere. Injiniya anabwerera m'mbuyo n'kuwerama mwaulemu, ngati wogulitsa nsalu.

"Ine ndikagwira muziti ndikudzitama. Madamu, gwirani nokha apa, mumve kulimba kwake."

Madamu anamwetulira. Anakwinya mkono wa bulauzi, n'kutambasula dzanja. Pa chala chawo panali mphete.

"Madamu, ayi!"

Benchi inagwa. Kadziwotche anali atafika kale pa tebulo, atagwira mkono wa aphunzitsi ake ndi manja awiri, n'kuukokera kumbuyo mwamphamvu moti choko chimene chinali m'thumba mwawo chinagwa pansi n'kuthyoka.



"Muli moto," anatero mtsikanayo, akupuma mwabefu. "Musagwire. Muli moto."

"Wapenga uyu," anatero Injiniya. "Pulagi ndi iyi, ili m'manja mwangamu!"

Madamu anayang'ana mtsikanayo, kenaka anatsegula kabati n'kutulutsa mita ya sukulu. Anaika nsonga zake pa miyendo ya kapasita, dzanja limodzi lili kumbuyo. Anatembenuza mitayo kuti kalasi ione. Singano inali pa 200, ndipo siinkatsika.

Pulagi ija inapulumuka m'manja mwa Injiniya n'kugwa pansi.

6. Funso la Madamu

Madamu anatulutsa ana ena onse, n'kutseka chitseko. Anatsala atatu. Madamu anataya magetsi a mu kapasita ndi waya wa rezisita, n'kuyang'anitsitsa bolodi nthawi yaitali.

"Iwe wati wakonza wekha," anatero kwa Injiniya. "Tandionetsa rezisita yotaya magetsi."

Mnyamatayo analoza pena. Madamu anapukusa mutu. Analoza penanso.

"Khala pansi. Pa bolodi iyi pali manja awiri, ndipo wakhungu yemwe angawasiyanitse. Mfundo yotuwa yatsalayi ndiyo dzanja lako. Lolemba unanamizira mnzako, lero wabanso thukuta lake."

Anatenga labala n'kufufuta dzina la pa fomu ija mpaka pepala linayera. Kadziwotche anayembekezera kuti alembapo dzina lake. Koma Madamu sanatole pensulo.

"Tsopano iwe. Munthu amene wawotcherera mfundo zonsezi mokongola chonchi sangalephere kuona imodzi yogwedera. Unadziwa liti?"

Mtsikanayo anayang'ana choko chothyoka chija pansi.

"Lachitatu, Madamu."

"Ndipo unatseka chivundikiro."

"Inde."

Injiniya anadzutsa mutu. Anayang'ana chala chake, kenaka msuweni wake.

"Ndaphunzitsa zaka makumi awiri," anatero Madamu, mawu ali pansipansi. "Mwana wosadziwa sandiopsa, chifukwa ndimamuphunzitsa. Mwana wabodza ndimamulanga, mawa amasintha. Amene amandiopsa ndi mwana wodziwa, amene watenga nzeru zake n'kuzisandutsa msampha. Ku mpikisano kumene ukufuna kupitako, oweruza amagwira zinthu ndi manja. Ana a sukulu zina amagwira. Mawa ukadzakhala pa ntchito, anthu adzalowetsa manja m'zinthu zimene iwe watseka, osakufunsa, chifukwa chokukhulupirira. Luso uli nalo, mwanangu, loposa aliyense m'kalasi muno. Wandipulumutsa, ndipo ndikuthokoza. Koma ndiyankhe funso limodzi. Chikanakhala chala cha msuweni wako, ukanakuwa?"

Kadziwotche anatsegula pakamwa. Bodza linali pafupi, losavuta, la liwu limodzi. Koma anali atanena kale bodza limodzi mlungu umenewo, ndipo linali likumulemerabe.

"Ayi, Madamu. Ndinali chete."

Madamu anapinda fomu ija, mzere wa dzina uli wopanda kanthu, n'kuiika m'kabati pamodzi ndi ampulifaya. Anakhoma.

"Fomu imeneyi ikuyenera kutumizidwa Lachiwiri. Lolemba m'mawa mubwere nonse awiri, ndi munthu amene anakuphunzitsa kuwotcherera. Ndikufuna amve zimenezi kuchokera pakamwa pako, osati panga."

Pobwerera kunyumba Injiniya anayenda tsidya lina la msewu. Sanaimbe mluzu. Pa mphambano anangokhota n'kumapita.

Kadziwotche anafika pa geti ya agogo dzuwa likadali pamwamba. Anawapeza pakhonde, atavala malaya awo oyera a ku tchalitchi, ngakhale linali Lachisanu. Pa mpando wina anali ataikapo kabokosi kakale kachikopa. Mtsikanayo anakadziwa. Munali chitsulo chawo china chowotcherera chimene sankalola munthu aliyense kuchigwira, ndipo pa chivundikiro anali atamatapo kapepala kolembedwa dzina lake ndi zilembo zonjenjemera.

Agogo atamva geti anadzuka, nkhope yonse ikuseka.

"Wafika, mmisiri wanga! Tandiuza, yayimba?"